Mutu Wodikira Madzi

Ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, chimene chimadzutsa munthu mbandakucha ndi phokoso la zigubu zopanda kanthu zikugundana m'wilibala, amayi ndi ana akuthamangira kukagwira malo pamzere wa kumjigo. Ndinafika kumeneko mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limaotcha ngati lili ndi mangawa ndi anthu, ndipo ndinafikira kwa azakhali anga. Iwo anabadwira komweko. Bambo awo, amene ndi agogo anga, anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 atalonjeza mkazi ndi kamwana kakamuna kuti akagwira ntchito zaka ziwiri n'kubwerako ndi njinga ndi malata. Kamwanako ndi kamene kanadzakhala bambo anga, ndipo njingayo sinafike. Koma zimenezi tiziike kaye pambali, monga mmene ifenso m'nyumbamo tinaziikira pambali sabata yonse, pakuti chimene chinandigwira mtima poyamba chinali kanthu kakang'ono kwambiri, kabotolo ka paudala wa ana kokhala pawindo la chipinda chimene ndinkagona ndi msuweni wanga.

Msuweni wangayo amagulitsa m'sitolo ya zovala m'tauni. M'mawa umenewo magetsi anali atathima, choncho anatsamiritsa foni pawindo kuti imuunikire, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, kagalasi kobenthuka pangodya kali pamaondo. Tsitsi lake linali lolukidwa ndi meshi ndipo linali litatha masabata atatu. Latsopano linali litayamba kutukula maluko m'tsinde, ndipo m'mizere ya pakati khungu linkanyezimira ndi mafuta osakanikirana ndi thukuta. Anathira paudala pang'ono m'chikhatho, kenaka ndi nsonga ya chala anayamba kudontheza mzere ndi mzere, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, monga mlimi wosamala amathirira feteleza phando ndi phando kuti thumba limodzi likwane munda. Anadikira kanthawi akumanga nsapato, kenaka anatenga mswachi wakale n'kumasesa mopepuka mpaka kuyera konse kutazimirira. Kunyezimira kuja kunatha, m'chipinda munamveka kafungo ka khanda losambitsidwa kumene. Ine pofuna kumuseka monga achitira asuweni, ndinati, "Asuweni, mwayamba kudziwaza ufa ngati chambo chopita m'chiwaya?" Iye osacheuka n'komwe anati, "Sekani, asuweni, kwanu mpopi umalankhula. Kuno mutu umadikira Loweruka, ndipo Loweruka nalo limadikira madzi."

Ndivomere kuti mumtima ndinali nditamuweruza kale. Ndinakula ndi amayi amene ankati munthu waukhondo amadziwika ndi malo osaoneka, kuseri kwa makutu ndi pakati pa zala, ndipo mwambi wa chikomekome cha mkuyu, umene m'kati mwake mumakhala nyerere, unandifikira pakamwa usanaitanidwe. Kodi kuthira paudala pa litsiro si kusesera zinyalala kunsi kwa mphasa? Koma chiweruzo chimapepuka kwa munthu amene sanasenzepo mtolo umene akuuweruza, ndipo tsiku lomwelo masana ndinasenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumjigo, khosi langa n'kuphunzira kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo makilogalamu 20 sachepa chifukwa choti wawasenza ndi mlendo. Madzi obwera motero salowa m'nyumba ngati madzi chabe, amalowa ngati malipiro a pamwezi, ogawidwa kale asanafike. Oyamba ndi akumwa, otsatira ndi ophikira sadza, kenaka osamba m'manja, a khanda, otsukira mbale, opukutira thupi. Otsala pa zonsezi, atada kale, ndiwo amapita kuchimbudzi. Nanga mutu wa meshi, umene umamwa theka la ndowa n'kufunanso tsiku lathunthu kuti uume, uima pati pamzere wotere? Umaima kumapeto, ndipo nthawi zambiri mzere umatha usanafikepo.

Munthu angafunse kuti mzinda waukulu chotere, wa nyumba zosanja ndi misewu ya mitengo ya maluwa, unafika bwanji poti mutu wa mtsikana uzidikira madzi masabata atatu. Harare amamwa kwambiri kuchokera ku Lake Chivero, damu limene linamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952, mzinda uli waung'ono poyerekeza ndi lero. Damulo lili kumunsi kwa mzinda, kutanthauza kuti zonyansa zimene mzinda umataya, zoyenda ndi timitsinje monga Mukuvisi ndi Marimba, zimakathera m'madzi omwewo amene mzinda udzamwe mawa. Harare ali ngati munthu wosamba kumtunda kwa dooko lake lomwe. Kuyeretsa madzi otero pa malo a Morton Jaffray kumalira mankhwala ochuluka, ambiri ogula ndi ndalama zakunja, ndipo mu Seputembala 2019 malowo anafika potsekedwa kwakanthawi chifukwa mankhwala anatha. Chivero ali kumadzulo, Mabvuku ndi Tafara ali kum'mawa kwenikweni, kumtunda, kumapeto kwa mapaipi okalamba ndi odontha, ndiye madzi akachepa iwo ndiwo amayamba kuuma n'kumaliza kulandira. Anthu kumeneko sanaiwale kolera wa mu 2008 ndi 2009, amene anagwira anthu oposa 98,000 m'dziko lonse n'kupha oposa 4,000, Budiriro ndi Chitungwiza ali pakati pa malo ovutika koposa. Sanaiwalenso kuti mu 2018 anabwereranso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. M'nyumba imene ikukumbukira zimenezi, kapu ya madzi abwino yopita kumutu m'malo mopita m'manja mwa mwana wochokera kuchimbudzi ndi kapu yosokera. Msuweni wanga, amene ndinkamuyesa waulesi, anali akuchita masamu a moyo ndi imfa ndi kabotolo ka paudala.

Tiyeni tiime pang'ono pa mafutawo, pakuti mdani amene tikulimbana nayeyu ndi wachilendo. Sachokera kunja ngati fumbi la mumsewu kapena la fakitale ya simenti yoyandikana ndi Mabvuku, limene limatera pa malata ndi pa masamba a ndiwo. Mafuta a kumutu amachokera mwa ife tomwe. Patsinde pa tsitsi lililonse pali kathumba kakang'ono kamene kamatulutsa mafuta ofewetsa khungu ndi kuteteza tsitsi kuti lisathetheke, ndipo ntchito imeneyi siima usana ndi usiku, kaya mpopi ukutuluka kaya wauma. Pa tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka msanga mpaka kunsonga, n'chifukwa chake azungu ndi amwenye amadandaula kuti tsitsi lawo lalemera pakangopita masiku awiri, ndipo ena amagula shampu wopopera wosafuna madzi, amene m'masitolo a m'tauni amalembedwa kuti dry shampoo. Pa tsitsi lathu lopotanali mafuta amavutika kuyenda, amaunjikana pakhungu pamene nsonga zikuuma, choncho timawonjezerapo ena a m'botolo, ndipo zonsezi zikakumana ndi thukuta pansi pa maluko, wigi kapena duku, mutu umayamba kulankhula. Paudala, kaya wa ana kaya wopopera uja, amene kawirikawiri amakhala sitachi wa mpunga kapena wa chimanga, amachita chinthu chimodzi chokha: amamwa mafutawo n'kuwagwira. Sawachotsa. Amene sanasesedwe ndi mswachi amatsala pomwepo, atangosintha maonekedwe.

Ndipo taonani kusokonezeka kwake kwa ife amene tinakulira m'chikhalidwe cha mafuta. Kwathu kunyezimira ndi ulemu. Makolo ankakazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa kuti atenge mafuta odzola, ndipo mwana wotuluka m'nyumba nkhope ili phuliphuli ankaonetsa kuti ali ndi amake. Chochititsa manyazi chinali kutuwa: miyendo ya mbuu, milomo yosweka, mutu wofiirira ndi fumbi, zizindikiro za umasiye ndi umphawi. Lero mtsikana akuthira dala chinthu chotuwitsa pofuna kuti asaoneke wosasamalidwa, kenaka akuchisesa mosamala kuti asaonekenso wotuwa, akuyenda pa kanjira kopapatiza pakati pa manyazi awiri. Kodi si mmene zimakhalira ndi zambiri zotuluka mwa munthu? Chimene chimatiteteza chikakhala pa muyeso ndi chomwecho chimene chimatinunkhitsa chikaunjikana. Kudzilemekeza kukachuluka kumasanduka kunyada, kusamala ndalama kumasanduka umbombo, kufatsa kumasanduka kusunga mangawa. Palibe amene angaletse mutu wake kutulutsa mafuta, ndipo palibe amene angaletse mtima wake kutulutsa zimene umatulutsa. Funso limangokhala lakuti timatsuka liti, ndipo pamene tikudikira kutsukako timachita nazo chiyani.

Ndinamuperekeza msuweni wanga kokwerera kombi, ndipo pamenepo ndinamvetsa chimene paudala uja amagula. M'kombi anthu amakhala anayi pa mpando, mutu wa wina uli pansi pa mphuno ya mnzake kwa ulendo wonse wa kutauni. M'sitolo amawerama pafupi ndi makasitomala ochokera ku Borrowdale ndi ku Highlands, kumene nyumba zambiri zili ndi mijigo yawoyawo ndi matanki obiriwira pamwamba pa zitsulo, anthu amene sadzafunsa kuti kwanu madzi anabwera liti koma adzangokwinya mphuno n'kupita kwa wogulitsa wina. Umphawi uli ndi nkhanza yakuti umalemba dzina lake pathupi la munthu kuti aliyense awerenge, ndipo munthu amene akufufuta dzinalo m'mawa uliwonse ndi nsonga ya chala sitingamutche wonama mopepuka. Akukana kuti mpopi wouma umuuze kuti iye ndi ndani. Akuchitiranso chifundo mnzake wa pampando, pakuti ukhondo uli ndi mbali ziwiri, ina yoteteza thupi lako ku matenda, ina yolemekeza mphuno ndi maso a anthu ena; ndipo ngati yoyambayo yakanika chifukwa cha zinthu zoposa mphamvu zako, kodi yachiwiriyo uitayenso? Ndinaona amayi akutuluka m'tinyumba topanikizana atavala zoyera zotchena, ana asukulu makolala ali mbee, nsapato zopukutidwa ndi kansanza, ndipo ndinadziwa kuti kuyera kulikonse kumene ndikuonako kunali ndi mtengo umene wina anaulipira ndi khosi lake.

Amene anandithandiza kuika malire pakati pa kubisa ndi kudikira anali agogo ena a Chiyawo oyandikana ndi azakhali, mmodzi mwa Asilamu ambiri ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga amene anadzamanga mizikiti m'makomboni a Harare. Titakhala pakhonde madzulo ndinawasimbira za paudala ngati nkhani yoseketsa, koma iwo sanaseke. Anandikumbutsa kuti m'Chisilamu munthu asanaswali amayenera kudziyeretsa ndi madzi, koma ngati madzi palibe, kapena ngati kuwagwiritsa ntchito kungamudwalitse, amaloledwa kumenya zikhatho pa dothi loyera n'kupukuta nkhope ndi manja, mwambo wotchedwa tayammum, ndipo swala yake imalandiridwa. "Koma mvetsetsa, mdzukulu wanga," anatero, "madzi akangopezeka, dothi lija latha ntchito. Ukapitiriza kumenya dothi ndowa ili pambali pako yodzaza, ukudzinamiza wekha." Mawu amenewa ndakhala nawo kuyambira tsiku limenelo. Chipembedzo chimene chinabadwira m'chipululu chinadziwa kuti munthu sangaleke kuima pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anzake chifukwa choti chitsime chauma, choncho chinamupatsa njira. Koma chinamangirira njirayo ku chikumbumtima chakuti ndi yongoyembekezera. Ulemu wonse wa dothi lija uli m'kuvomereza kwake kuti si madzi.

Paudala nayenso ndi wotero, ndipo thupi silichedwa kukumbutsa woiwala. Tsiku loyamba amagwira ntchito bwino, lachiwiri amafuna wochulukirapo, pofika lachisanu wasakanikirana ndi mafuta, thukuta ndi mfundu n'kupanga kaphala kokakamira patsinde pa luko lililonse. Khungu limayamba kuyabwa, ndipo poti chala sichingalowe bwino pansi pa meshi, mumaona zimene aliyense wolowa m'tchalitchi cha m'komboni anazionapo: mayi wovala bwino, maso ali kwa mlaliki, akudzimenya pamutu ndi chikhatho, pha pha pha, ngati akuvomereza ulaliki pamene akulimbana ndi mutu wake. Ena amapukuta mizere ndi thonje loviika mu sipiliti, khungu n'kuuma mpaka kusweka. Pamwamba pa izi, paudala amene tinakula tikumukhulupirira anadzakhala ndi mafunso ake: kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa paudala wa ana wopangidwa ndi mwala wa talc ku America ndi ku Canada mu 2020, ndipo mu 2023 inasiya padziko lonse, ngakhale imanenabe kuti anali wosavulaza; chaka chomwecho boma la Zimbabwe linaletsa paudala ameneyu, ndipo mu 2024 bungwe la World Health Organization loona za khansa linaika talc m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa matendawa. Chimene anaikamo m'malo mwake ndi sitachi wa chimanga, mbewu yomweyo imene ili m'nkhokwe za kwathu. Komabe ngakhale paudala wabwino chotani, malipiro ake ndi amodzi. Ndi ngongole imene imabwezedwa ndi madzi okha, ndipo tsiku lililonse lochedwa limawonjezera chiwongoladzanja.

Si amphawi okha amene anathirapo ufa kumutu, ndipo mbiri ili ndi phunziro lowawa pa zimenezi. Ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1700, olemera ankavala mawigi ndi kuwaza tsitsi lawo paudala wopangidwa ndi sitachi wa tirigu, wonunkhiritsidwa, mwa zina pofuna kuphimba mafuta ndi fungo la mitu imene sinkatsukidwa kawirikawiri. Poyamba chinali chothandizira, kenaka chinasanduka chizindikiro cha ulemerero, mpaka munthu wa mutu woyera ndi ufa ankaonedwa wapamwamba kuposa wa mutu woyera ndi madzi. Mu 1795, dziko la Britain lili pa nkhondo ndi France ndipo buledi atakwera mtengo chifukwa cha zokolola zoipa, boma la William Pitt linaika msonkho wa ndalama ya gini imodzi pachaka kwa aliyense wofuna kuthira paudala m'tsitsi, ndipo m'zaka zochepa fashoniyo inazilala. Tangoganizani, chakudya chili pamutu pa wolemera pamene m'mimba mwa wosauka mulibe kanthu! Chotsalira cha nyengo imeneyo timachionabe m'makhoti a ku Harare ndi ku Blantyre, pamitu pa oweruza ovala mawigi otuwa m'dzuwa la Okutobala. Chophimba chikakhalitsa chimaiwala chimene chinabwerera, chimayamba kudzitcha mwambo, ndipo anthu amachigwadira osakumbukanso kuti pansi pake pali mutu wofuna kutsukidwa.

Apa ndi pamene kabotolo ka pawindo kaja kanayamba kundionetsa zinthu zazikulu kuposa tsitsi. Mijigo ya m'makomboni a Harare, yambiri inakumbidwa mothandizidwa ndi mabungwe nthawi ya kolera, inabwera ngati chithandizo cha pangozi, chogwirizira anthu kufikira mapaipi atakonzedwa. Lero pali ana amene akula mpaka kumaliza sukulu akudziwa kuti madzi amachokera kumjigo, ndipo mpopi wa m'nyumba ndi chitsulo chopachikapo thaulo. Damu la Kunzvi, limene linkayembekezeka kuthetsa ludzu la kum'mawa kwa mzinda, linakambidwa zaka makumi angapo ntchito yomanga isanayambe. Mahositelo a Matapi ku Mbare anamangidwira amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito kwakanthawi, lero m'chipinda chimodzi mukukhala banja lonse. Ndipo anthu athu amene anabwera pa magalimoto a Ulere kapena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, amene eni dziko ankawatcha mabhurandaya potengera dzina la Blantyre, nawonso ankawerengedwa ngati odutsa. Ana awo obadwira m'Zimbabwe ananyamula zitupa zowatcha alendo, lamulo la mu 2001 linawachotsera ambiri unzika, ndipo panafunika malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2013 kuti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko oyandikana nawo avomerezedwe. Mawu akuti "kwakanthawi" ndi paudala wa maboma. Amathiridwa mzere ndi mzere pa nkhani imene ikufuna madzi ambiri, kunyezimira kwa vuto kumazimirira, ndipo aliyense amapita kuntchito. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, koma sanatiuze kuti nthawi zambiri amene amakwawa si amene anazengereza.

Koma n'kosavuta kuloza boma chala, zala zinazo zikuloza mwini dzanja. Ndani mwa ife alibe kabotolo kake? Mwamuna amalakwira mkazi wake usiku, m'mawa m'malo mopepesa amabwera ndi nyama ya pa butchala, nyumba n'kununkhira bwino, mlandu uli pomwepo. Abale amene analandana munda amapatsana moni wautali pamaliro, kufunsana za ana ndi za mvula, aliyense akusesa mosamala kuti kuyera kwa chinyengo kusaoneke. Sindikunena kuti zimenezi n'zoipa nthawi zonse, pakuti pali masiku amene madzi a kukambirana kulibedi, mitima ikadali yotentha, maliro akadali m'nyumba, ndipo moni wouma ndi amene amasunga ubale kuti ufike pa tsiku labwino. Choopsa ndi kuyamba kukonda fungo la paudala mpaka kuiwala njira ya kumjigo. Makolo athu Achewa ankaidziwa ngozi imeneyi, n'chifukwa chake chisoni sankachisiya kuti chizingozilala chokha: ankaika tsiku la kumeta, abale n'kusonkhana, tsitsi limene linamera m'masiku a maliro n'kuchotsedwa pamaso pa onse, kuti aliyense adziwe kuti chakale chatha ndipo chomera tsopano ndi chatsopano. Ankadziwa kuti zimene zaunjikana pamutu zimafuna tsiku lake, manja a munthu wina, ndi mboni. Ife a lero tili ndi zonunkhiritsa zambiri kuposa iwo, koma kodi masiku otere tikadali nawo?

Ine ndinali nditathira wanga sabata yonse. Ndinabwera ndi usipa wouma, ufa wa kondowole ndi chitenje, tinakamba za mitengo ya zinthu, za maulendo a basi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, za gule amene amatulukabe ku Tafara masiku a Sabata. Koma za munthu amene chithunzi chake chinali pakhoma, atavala jekete ndi chipewa, amene kwa azakhali anali bambo wachikondi ndipo kwa bambo anga anali bala losapola, palibe anatchulapo. Ndinkadutsa pansi pa chithunzicho ngati sindikuchiona, iwonso ankaona kuti sindikuchiona.

Madzi anabwera usiku wa Lachisanu, cha m'ma 1 koloko. Choyamba chinali chifuwa cha mapaipi, kukhosomola ndi kulavula mpweya, kenaka mawu a mayi wina kuseri kwa mpanda akufuula m'Chishona kuti mvura yauya, madzi abwera, ndipo m'kamphindi komboni yonse inali maso. Oyamba anali ofiirira ngati tiyi, tinawasiya apite ku ndiwo. Otsatira tinadzaza m'zigubu, m'ndowa, m'mapoto, m'bafa la khanda, ngakhale m'ketulo. Kutacha, msuweni wanga anakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, mutu uli pakati pa maondo a amake, ine ndili mbali inayo, tonse awiri tikumasula maluko ndi mchira wa chipeso. Patsinde pa luko lililonse panali kamfundo kotuwa, masabata atatu a mafuta, fumbi ndi paudala, mbiri yonse ya m'mawa uliwonse umene anadzuka n'kupita kuntchito ali mutu mmwamba. Madzi oyamba kutsukira anatuluka ngati madzi a mphale, achiwiri otuwirako, achitatu ndiwo anayera. Iye anatseka maso, madzi akutsikira m'khosi, n'kupuma mpweya wautali umene sindinaumvepo kwa munthu wothira paudala.

Mwina ndi chifukwa chakuti manja anali otanganidwa ndipo maso sankayenera kukumana, pakuti nkhani zolemera zimakonda kutuluka anthu akuyang'ana ntchito. Azakhali, akufinya tsitsi la mwana wawo, anandifunsa m'Chinyanja chawo chosakanikirana ndi Chishona, "Iwe mwana wa achimwene, bambo ako ankawatchula bambo athu?" Ndikanatha kuthiranso paudala, ndipo mawu ake anali okonzeka pa lilime: ankawakumbuka, ankawafunira zabwino. Koma ndowa inali pambali pathu yodzaza. Ndinawauza kuti sankawatchula, kuti mpaka imfa yawo ankati bambo wawo anamwalira iwo ali ndi zaka zitatu, ndi kuti agogo anga aakazi anasunga mphasa yatsopano zaka zambiri kudikira mlendo amene sanabwere. Azakhali anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandiuza kuti mkuluyo chaka chilichonse ankagula bulangete loti adzapite nalo kumudzi, ndipo chaka chilichonse manyazi a kuchedwa ankakula kuposa ndalama ya ulendo, mpaka mabulangete anadzaza sutikesi imene anaitsegula atamwalira. Tinalira, ndipo sikunali kulira kokoma. Zimene zinatuluka zinali zotuwa ngati madzi oyamba aja, ndipo sindinganene kuti tinafika pa achitatu. Koma madzulo ake ndinaima pansi pa chithunzi chija n'kuchiyang'ana, ndipo ndinaona kuti mphumi yake ndi ya bambo anga.

Lolemba mpopi unali utaumanso. Msuweni wanga analukitsa tsitsi latsopano Lamulungu, mizere ili mbee, ndipo kabotolo kaja kanabwerera pamalo pake pawindo, kudikira sabata yachitatu. Sindinakaonenso ngati chida cha bodza, ndipo sindinakaone ngati mpulumutsi. Pamene ndinkalongedza katundu, azakhali anandipatsa limodzi la mabulangete aja, lonunkha sutikesi, kuti ndikafunditse manda a amayi a bambo anga kapena ndikafunde ndekha, mmene ndingaonere. Ndinalinyamula pamiyendo ulendo wonse, kudutsa Mutoko, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kulowa m'Malawi, litachedwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.